Bwana Pulezidenti Chapo, ku Palma kunafa anthu angati?

Wolemekezeka Bwana Pulezidenti,

Ndine mphunzitsi wopuma, ndikulemba kuchokera ku Angónia m'chigawo cha Tete. Ku Palma, tauni ya kugombe m'chigawo cha Cabo Delgado kumpoto kwa dziko lathu la Mozambique, sindinapondeko, ndipo nyanja ya mchere ndinaiona kawiri kokha, konseko kunali ku Beira. Inu Palma mumamudziwa. Mu 2015 munali administrador, bwanamkubwa wa boma la Palma, musanakwezedwe kukakhala gavanala ku Inhambane. Mafumu ndi mashehe a kumeneko anakuomberanipo m'manja, ndipo ana a sukulu amene ankaima pamzere mukamafika, lero akanakhala abambo ndi amayi a makomo awo. Choncho ndikuona kuti funso langa lagogoda pakhomo loyenera. Pa chiwembu cha zigawenga cha pa 24 Malichi 2021 ndi m'masiku otsatira, ku Palma kunafa anthu angati, nanga mayina awo ndi ati?

Boma lathu silinatiyankhe mpaka lero. Pa 28 Malichi chaka chimenecho, mneneri wa unduna wa zachitetezo, a Omar Saranga, anauza atolankhani ku Maputo kuti zigawenga zapha anthu makumi angapo. Dezenas, ndilo linali liwu lake, longa limene timagwiritsa ntchito poyerekeza matumba a kachewere tisanawakweze pa lole. Patangopita masiku atatu, amene anali pampando wanuwo, a Filipe Nyusi, ananena kuti chiwembuchi sichinapose zina zambiri zimene dziko linaona kale. Kuwerenga kwa nyumba ndi nyumba anadzachita ndi mlendo, mtolankhani Alex Perry, amene analemba anthu ntchito yofunsa makomo a ku Palma ndi midzi yozungulira. Anapeza kuti ophedwa ndi osowa akuposa 1,000. Mwina anawonjeza, mwina anachepetsa. Ngati analakwitsa, tipatseni chiwerengero cha boma kuti tiyerekeze.

Ine ndaphunzitsa zaka zoposa 30, ndipo ntchito yoyamba m'mawa uliwonse inali kuitana mayina. Ndikanapita ndi ana kukaona malo, n'kubwerako madzulo, makolo n'kundifunsa kuti akusowa angati, ine n'kuyankha kuti "angapo ndithu", tsiku lomwelo choko akanandilanda, ndipo akanachita bwino.

Mwina mudabwa kuti munthu wa kumapiri a ku Angónia zikumukhudza bwanji za ku gombe la kumpoto. Mu 1986 nkhondo itafika kwathu, ndinali mnyamata wa zaka 17. Tinathawa usiku kulowera ku Ntcheu, ku Malawi, kumene msewu waukulu ndiwo malire, ndipo tinakhala kumeneko mpaka mtendere wa ku Roma wa 1992 utakhazikika. Tinalipo oposa miliyoni imodzi, obalalika kuyambira ku Nsanje mpaka ku Dedza ndi kupitirira. Za mfuti sindikumbukira zambiri. Chimene sichichoka m'mutu mwanga ndi cha usiku woyamba uja, pamene munthu wina anafuula mumdima kuti "Akubwera!", anthu n'kupondana pa kamlatho ka mitengo, mayi wina n'kugwetsa mwana m'madzi. Kunalibe amene ankabwera. Kunalibenso munthu wa boma, ngakhale mmodzi, woti atiuze kuti adani ali kuti, njira yabwino ndi iti. Malume anga anabwerera kukatenga ng'ombe, ndipo mpaka lero dzina lawo silili m'buku lililonse, la amoyo kapena la akufa. Agogo anamwalira akuyang'anabe kunjira.

Kuchokera usiku umenewo ndimadziwa kuti zigawenga zimapha tsiku limodzi kapena sabata imodzi, koma zimene zimachitika pambuyo pake, kuti anthu agwirana manja kapena ayamba kudyana okhaokha, zimadalira kwambiri zimene olamula achita ndi zimene anena. Ku Palma olamula anatseka pakamwa, ndipo pamene anachitapo kanthu, anasankha anthu.

Tikumbutsane mmene zinayendera. Tsiku lomwe kampani ya Total inalengeza kuti iyambiranso ntchito ya gasi ku Afungi, chifukwa boma linali litalonjeza chitetezo chapadera m'dera la makilomita 25 kuzungulira malowo, ndilo tsiku limene zigawenga zija, zimene anthu amazitcha machababo, zinalowa m'tauni, Lachitatu masana, kuchokera mbali zingapo. Palma ali mkati mwa makilomita 25 amenewo. Munali anthu pafupifupi 75,000, ambiri a iwo othawa kale ku Mocímboa da Praia ndi midzi ina yotenthedwa. Netiweki ya mafoni inazima. Tangoganizani, bwana: mwamuna ali kumsika, mkazi ali kunyumba, ana ali kumadrasa, foni yangokhala ngati mwala m'thumba. Aliyense anathawira kumene maso analoza. Ena kutchire, ena m'mitengo ya m'mphepete mwa nyanja kumene anakhala m'madzi ofika m'khosi, ena ku hotela ya Amarula, ndipo zikwi zambiri zinalunjika ku mpanda wa Afungi, poganiza kuti kumene kuli asilikali ambiri ndiye kuli moyo. Asilikali analikodi, mazanamazana, koma ntchito yawo inali yolondera gasi. Anthu anaunjikana kunja kwa waya, ku Quitunda, kwa miyezi.

Ku Amarula kunabisala anthu pafupifupi 200. Ndege zimene zinabwera kudzanyamulako ena sizinali za asilikali athu, zinali helikopita zing'onozing'ono za kampani ya ku South Africa yotchedwa Dyck Advisory Group, imene boma linailemba ganyu ya nkhondo. Bungwe la Amnesty International, litacheza ndi opulumuka, linanena kuti azungu ndi amene anatsogozedwa, ndi kuti agalu awiri anakwera ndege anthu akuda akuonerera. Kampaniyo inakana. Ine sindinaliko, koma nkhani ya agaluyo inafika mpaka m'mabawo a ku Ulongwe kuno ku Angónia, ndipo boma silinabwere n'kutiuza kuti tafufuza, zoona zake ndi izi. Otsalawo ataona kuti palibe wowadzera, Lachisanu pa 26 Malichi anadzazana m'galimoto 17 n'kuthyola geti. Zimene zinadutsa msampha wa zigawenga zinali 7.

Sitima ya Sea Star inafika ku Pemba ndi anthu oposa 1,000, ambiri a iwo ogwira ntchito za gasi. Msodzi, wogulitsa mandazi, mayi wa ana asanu, iwo anadzionera okha: mabwato a matanga odzaza mopitirira muyezo, masiku angapo panyanja popanda madzi akumwa, mpaka kukakocheza pa mchenga wa Paquitequete ku Pemba. Amene analowera kumpoto n'kuwoloka mtsinje wa Rovuma, dziko la Tanzania linawakweza m'galimoto n'kukawatula pa mlatho wa Negomano, kutali ndi kwawo. Pofika mu Juni 2021, bungwe la United Nations loona za othawa kwawo, UNHCR, linati obwezedwa motero chaka chimenecho anali ataposa 9,000. Ndikamawerenga zimenezi ndimakumbukira mfumu ya ku Ntcheu imene inatiloza malo omangapo zisakasa ndi kutipatsa mbewu ya nyemba, isanatifunse n'komwe chiphaso. Tanzania ndi mnzathu mu SADC. Kodi boma lathu linakweza mawu pa nkhani imeneyi? Ife kuno sitinamve.

Munthu amene waima kunja kwa waya masiku onsewo, akuona ndege zikutera ndi kunyamuka mkati, amaphunzira phunziro limene palibe mphunzitsi angalifufute: kuti pa sikelo ya boma lake, iye ndi wopepuka kuposa paipi ya gasi. Ndipo phunzirolo linapitirira. Anthu atayamba kubwerera m'tauni anapeza mabanki, masitolo ndi nyumba zitaphwasulidwa, ngakhale m'malo amene zigawenga zinali zitachokamo kale, ndipo manyuzipepala a m'dziko muno analemba zimene eni ake ankanena, kuti katundu wina anatuluka pamapewa a anthu ovala yunifolomu ya boma. Mu Seputembala 2024 nyuzipepala ya Politico inalemba zoopsa kuposa pamenepo: kuti pakati pa chaka cha 2021 asilikali olondera Afungi anatsekera amuna a m'midzi yozungulira, pakati pa 180 ndi 250, m'makontena a chitsulo pa geti, powaganizira kuti ndi zigawenga, ndipo amene anatulukamo amoyo anali 26. Unduna wa zachitetezo unakana, kampani ya Total inati sinkadziwa kanthu, ofesi ya loya wamkulu wa boma inalengeza kuti ifufuza. Tikudikira kuwerenga zimene apeza, zonse, osati ndime ziwiri zowerengedwa pa wailesi yakanema.

Apa ndi pamene dziko limayamba kusweka, bwana, ndipo kusweka kwake sikumveka ngati bomba. Wothawa akafika pa chotchinga cha pamsewu, mlandu wake umakhala chilankhulo chake. Akalankhula Kimwani kapena Kiswahili, akakhala ndi ndevu, akakhala kuti BI yake, chiphaso cha unzika, inapsera m'nyumba, ndiye kuti ndi machababo mpaka atatulutsa refresco, kachiphuphu kaja. Wachimakonde ayamba kuyang'ana Mmwani ndi diso lofiira, Mkhristu ayamba kuwerenga amene akulowa mumzikiti, mwini mudzi ayamba kudana ndi wothawa chifukwa thumba la mpunga wa chithandizo lapita kwa mlendo iye akugona ndi njala. Mabanja a ku Pemba amene analandira anthu 20 kapena 30 m'nyumba ya zipinda ziwiri anachita zimene boma linalephera, ndipo ayenera ulemu. Koma ngakhale mtima wabwino umatopa ngati palibe wonena kuti zidzatha liti.

Nanga bwanji anthu sanamve zoona kuchokera kwa atolankhani? Chifukwa atolankhaniwo munali mutawathamangitsa kale. Ndikuti "munali" chifukwa chipani ndi chomwecho, ndipo mpando mwalandira pamodzi ndi ngongole zake. Amade Abubacar anamangidwa ku Macomia mu Januwale 2019 akujambula anthu othawa nkhondo. Ibraimo Mbaruco, wa wailesi ya m'dera la Palma lomwelo, anasowa pa 7 Epulo 2020, atangotumizira mnzake uthenga woti wazunguliridwa ndi asilikali, ndipo mpaka lero sanaoneke. Tom Bowker wa Zitamar News anapitikitsidwa m'dziko mu Febuluwale 2021, kutangotsala mwezi umodzi kuti Palma agwe. Munazimitsa nyali zonse, kenako n'kumadabwa kuti anthu akuona mizukwa.

Akuluakulu anati kandimverere anakanena za m'maluwa. Anthu akasowa mawu odalirika amadya mphekesera, ndipo mphekesera ya pa WhatsApp imathamanga kuposa galimoto ya asilikali. Mu Juni 2022 zigawenga zitafika ku Ancuabe, midzi imene sinamve ngakhale kulira kwa mfuti inatsala mabwinja, anthu ali pamsewu ndi mitolo pamutu. Mu Febuluwale 2024 zinachitikanso ku Chiúre, anthu pafupifupi 100,000 n'kuthawa, ambiri kuwoloka mtsinje wa Lúrio kulowa ku Eráti m'chigawo cha Nampula. Sindikuwanena kuti anathawa pachabe. Anaona zimene zinachitikira anthu a ku Palma amene anakhulupirira lonjezo la makilomita 25, ndipo anasankha kukhulupirira miyendo yawo.

Kenako kunadzuka anaparama. Ife achikulire dzinali timalidziwa kuyambira nthawi ya Manuel António ku Zambézia, kumapeto kwa nkhondo ija: anyamata a mikondo ndi nsalu zofiira, otemeredwa mankhwala amene amati amasandutsa chipolopolo madzi. Kubweranso kwawo mu 2022 ku Namuno ndi Balama kunali kalata yopita kwa boma, yolembedwa ndi anthu osauka, yonena kuti tasiya kukudikirani. Poyamba ambiri anawaombera m'manja. Mu Malichi 2024 ku Chiúre anaparama anapha anthu atatu ogwira ntchito yophunzitsa za chisankho, powayesa zigawenga chifukwa anali achilendo m'mudzimo. M'maboma omwewo mafumu ndi azaumoyo amenyedwa, ena kuphedwa, zipatala kuphwanyidwa, pa mphekesera yoti mankhwala othira m'zitsime ndiwo akubweretsa kolera. Wina ku Maputo anganene kuti umenewu ndi umbuli. Ine ndaphunzitsa ana a anthu otere moyo wanga wonse, ndipo si opusa. Munthu amene boma linamunamiza za chitetezo, n'kumubisira chiwerengero cha abale ake akufa, mumuuza bwanji kuti akhulupirire botolo la klorini lochokera ku boma lomwelo?

Abale athu a ku Malawi amazidziwa izi. Mwezi womwe machababo anaukira polisi ku Mocímboa da Praia koyamba, Okutobala 2017, ku Mulanje ndi Phalombe anthu ankaphana pa nkhani ya anamapopa, yomwe ankati yachokera mbali yathu ino ya malire. Kunalibe chigawenga ngakhale chimodzi kumeneko, mantha okha anakwanira kuika zotchinga m'misewu ndi kuphetsa alendo. Tsono muganize mantha omwewo atapeza zigawenga zenizeni kumbuyo kwake. Nkhondoyi inafikapo kale ku Mecula m'chigawo cha Niassa kumapeto kwa 2021, ndipo Niassa ndi khomo loyandikana ndi Mangochi. Atsogoleri a SADC amene angaone kalatayi asaiyese nkhani ya ku gombe lakutali. Asilikali awo a SAMIM anabwera mu 2021 n'kunyamuka mu 2024 ntchito isanathe, ndipo za mmene mayiko athu angalandirire anthu othawa, kapena kuuzana zoona msanga chiwembu chikachitika, sitinamve pangano lililonse. Nkhanga zinapangana kusanapse.

Pali chinthu china chimene chimandichititsa manyazi kuchilemba. Asilikali a ku Rwanda atafika mu Julayi 2021 n'kulanda Mocímboa da Praia pa 8 Ogasiti, anthu a kumeneko anawakonda, ndipo zifukwa zimene ankapereka zinali zazing'ono zomvetsa chisoni: amalankhula nafe Kiswahili, amalipira akagula kanthu, satimenya. Taonani pamene tafika, kuti nzika ya Mozambique ikaona yunifolomu ya dziko lina mtima umakhala pansi, ikaona ya dziko lake imabisa foni ndi nkhuku. Sindikunyoza ana athu onse a m'gulu la nkhondo. Ena ndinawaphunzitsa ndekha, anapita kumpoto ndi nsapato zong'ambika, malipiro osaoneka, ndipo ena sanabwerere. Iwonso mayina awo simunatiuze. Makolo amangolandira foni, mwinanso osalandira n'komwe.

Alendo amene anafera ku Palma ali ndi mayina, zithunzi zawo zinatuluka m'manyuzipepala a ku Johannesburg ndi London, ndipo abale awo ndi ena opulumuka anakasuma ku France mu 2023. Ndi ufulu wawo, ndipo ndikuwafunira zabwino. Koma mayi wa ku Palma amene mwamuna wake anapita kukawedza Lachitatu lija alibe loya ku Paris. Alibe ngakhale certidão de óbito, chikalata chotsimikiza imfa. Sadziwa ngati ndi wamasiye kapena ndi wokwatiwa, sanachite sadaka ya masiku 40 chifukwa sanaone mtembo, ana akamufunsa amangoti bambo anapita ku ulendo. Mwana wotere akadzakula, wina n'kudzamunong'oneza kuti boma ili silinawerenge n'komwe bambo ako, bwera kutchire, mudzamuletsa ndi chiyani? Gasi wa pansi pa nyanja munamuyeza mpaka kudziwa kuti ntchito yake ndi ya madola 20 biliyoni. Total itaimitsa ntchito pa 26 Epulo 2021, tsiku limenelo linalembedwa, ndipo ndalama zotayika tsiku lililonse zinawerengedwa mosaphonya. Mu 2017 boma linayenda khomo ndi khomo dziko lonse kuwerenga anthu, mpaka kufunsa ngati tili ndi njinga kapena wailesi. Luso lowerenga lilipo.

Chimene ndikupempha choyamba n'chimenecho basi. Tumizani anthu ku Palma, ku Quitunda, ku Metuge, ku Mueda, ku Montepuez ndi kulikonse kumene othawa anamwazikira, akhale pansi ndi mashehe, ansembe ndi mafumu, alembe dzina lililonse la wophedwa, wosowa ndi wobedwa, mosayang'ana kuti anamupha ndani. Mawu otsirizawa ndi amene ali ovuta, ndikudziwa, chifukwa mayina ena adzaloza kutchire ndipo ena adzaloza ku makontena aja. Alembedwe onse. Akatha, awerengedwe pa Rádio Moçambique m'Kimwani, m'Chimakonde, m'Chimakua ndi m'Kiswahili, ngakhale zitatenga sabata yathunthu, ndipo mabanja apatsidwe mapepala awo popanda kulipira kapena kupereka refresco. Banja la Ibraimo Mbaruco liuzidwe kumene mwana wawo ali. Mlandu suwola, bwana, ndipo kuli bwino muutsegule nokha kusiyana n'kuti adzautsegule ena inu mutachoka.

Chachiwiri n'cha mawa, chifukwa nkhondo sinathe. Boma lililonse la kumpoto likhale ndi munthu wodziwika, wa dzina ndi nkhope, amene chiwembu chikachitika adzalankhula pa wailesi ya m'deralo ola lomwelo m'chilankhulo cha anthu: adani aoneka kwakuti, msewu wakuti musadzere, mabwato ali pakuti. Akalakwitsa adzabwerenso n'kunena kuti ndinalakwitsa. Wailesi ya mabatire imagwira ngakhale netiweki itazima, ife a 1986 ndife mboni. Ndipo pangano lililonse limene mungasaine ndi makampani a gasi linene poyera kuti geti lidzatsegulidwa kwa ndani tsiku loipa, kuti anthu a m'midzi yozungulira adziwiretu ngati kuthamangira ku waya kuli ndi phindu kapena ayi.

Mukadzati ndalama zolembera anthu owerenga palibe, kuno ku Tete tilipo aphunzitsi opuma ambiri, ndipo ku Nampula ndi ku Pemba aliko ochuluka amene amadziwa zilankhulo za kugombe. Penshoni yathu ndi yochepa koma nthawi tili nayo. Maso anga afooka pang'ono, dzanja likadalemba bwino, ndipo kaundula ndimadziwa kumusunga: dzina, dzina la bambo, mudzi, tsiku limene anaoneka komaliza. Mutipatse makope, zolembera ndi chilolezo chodutsa pa zotchinga za asilikali.

Ine wanu mwaulemu,
Mphunzitsi wopuma, Angónia, Tete